Tsiku Limene Ndinapotokola Makutu a Mapulogalamu ku Ngabu

Amene akukayika aimirire ndimuone nkhope, chifukwa ine Alfazema sindinanamepo chibadwire. Inu a Thomu mukusekera kuseri kwa njinga yanu ya kabazayo, dziwani kuti pakadapanda ine bwenzi apongozi anu atafika kunyanja ya mchere pamodzi ndi nkhuku zawo.

Nthawi imeneyo ndinali mlonda wa masana pa ofesi ya kalabu ya alimi kuno ku Ngabu. Mlembi anali Mayi Semba, mayi wodekha, wa magalasi, wosakonda phokoso. Kompyuta yawo yakale itatopa ndi kutentha, anagula ina ya sisitemu yachilendo, ndipo katswiri wina wochokera kumtunda anasamutsira mmenemo mapulogalamu atatu otumiza uthenga pa mafoni a alimi: ina yoitanira mbuzi ku katemera, ina yolengeza tsiku logula thonje, ina yochenjeza midzi ya kudambo madzi akamakwera. Katswiriyo anadya nkhomaliro, n'kukwera minibasi, osaonekanso.

Vuto linatsala pa kamzere ka pansi pa sikirini, pamene pamakhala tizithunzi tosonyeza kuti iyi ndi pulogalamu yakuti. Mu kompyuta yakale iliyonse inali ndi nkhope yakeyake, koma zitawolokera kuno zonse zinasanduka kabokosi kotuwa kamodzimodzi, ngati mapasa ometedwa mpala tsiku limodzi. Mukumva?

Ndiye m'mawa wina wa dzinja kunabwera foni yoti Shire wakwiya, madzi afika kale m'madimba. Mayi Semba pofulumira anadina kabokosi kolakwika, ndipo m'malo moti anthu athawire kumtunda, midzi yonse inalandira uthenga woti ipite ndi mbuzi kokabayitsa katemera, pamene malo obayirawo anali kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mabango. Anavula magalasi, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono.

"A Alfazema," anatero, "ndatumiza anthu m'madzi."

Anachotsa dzanja pa mausi, akuopa kuti akadinanso aitanira anthu omwewo kodzagulitsa thonje mu Januwale.

Tsono ine ndinakulira ku Chapananga, kumene bambo anga anali ndi mbuzi zochuluka moti yoyamba ikamamwa madzi kumtsinje wa Mwanza yomaliza inali isanatuluke m'khola, ndipo iliyonse ndinkaizindikira ndi kayetsemulidwe kake ndili tsidya lina la phiri. Zinthu zofanana nkhope sizindiopsa. Ndinapinda malaya, ndinalowetsa chala pa kabowo kolowetsera fulashi, chala chinakoka dzanja, dzanja linakoka phewa, phewa linakoka mutu, mpaka ndinapezeka ndaima m'kati mwa kompyuta ndi chibonga changa, kotentha moti mbatata yaiwisi imene inali m'thumba mwanga inapsa n'kuyamba kununkhira, ndipo ndinadya theka ndisanayambe ntchito. Ndimomwene, zoona zenizeni, a Thomu, musagwedeze mutu.

Ndinawapeza mapulogalamu atatuwo atakhala m'bwato. Paja pulogalamu yobadwira kwina siyenda yokha m'sisitemu yachilendo, pamakhala ina yoiwolotsa, ngati mwini bwato wa pa doko. Ndiye sisitemu ikafunsa kuti iwe ndiwe yani kuti ndikupatse chithunzi chako, onse atatu ankayankha dzina la mwini bwato uja, n'chifukwa chake ankavekedwa nkhope imodzi. Mwaona nzeru? Katswiri wa sukulu zake sanazione zimenezo.

Ya mbuzi ndinaigwira khutu, ndinapotokola kamodzi kokha, inalira mee n'kutchula dzina lake lenileni. Ya thonje inayesa kuuluka ndi mphepo, ndinaithamangitsa kudutsa m'mawaya onse, kutulukira pa soketi, kukwera mtengo wa magetsi, kuyenda pa chingwe mpaka ku Nsanje boma n'kubwerera nayo m'khwapa magetsi asanaphethire. Koma ya madzi ija inali yamakani, yoterera ngati mlamba, ndikaifunsa dzina inkangokana m'Chisena kuti nkhabe, nkhabe, ndipo tinalimbana masiku atatu athunthu, ikundilavulira madzi, ine ndikumwa, ikulavula, ndikumwa, mpaka mimba yanga inafika apa ndipo iyo inauma kukhosi n'kunong'ona dzina lake ikupempha kadontho. Kunja, pa wotchi ya Mayi Semba, panali patangodutsa mphindi imodzi. Mukumva?

Iliyonse ndinailembera dzina lake pa kachikalata kakekake, pambali ndinamata chithunzi: iyi mutu wa tonde, iyi mpukutu wa thonje, ya makani ija ng'ona yoyasama. Ndinauza sisitemu kuti kuyambira lero ukamva dzina ili, onetsa nkhope iyi, za mwini bwato uziiwale. Potuluka kabowo kaja kanandichepera chifukwa cha madzi ndinamwa aja, ndiye ndinatulukira mu pulinta, wophwatalala ngati chikwatu cha fodya, ndi inki kumsana konse.

Mayi Semba anavala magalasi, anaona ng'ona ili poyera, anadina. Uthengawo unatuluka ndi mphamvu moti mafoni ozima anadzuka okha, opanda batire analira, ndipo ina imene inamira chaka chatha inalirira pansi pa mtsinje mpaka mvuu zinamva n'kuyamba ulendo wa kumtunda pamzere. Mbuzi zinatembenuka zokha panjira, eni ake akuthamanga pambuyo. Madzi pofika m'midzi anapeza mitondo yokha. Sipanatayike munthu, ngakhale mwanapiye.

Ndikudziwa zimene mukufuna kunena, a Thomu. Mwamva kwa Mayi Semba kuti uthenga wokonza anautumiza okha nthawi yomweyo, kenako anaimbira katswiri uja foni, iye n'kuwauza polemba dzina ndi chithunzi cha pulogalamu iliyonse, ndipo ine ntchito yanga inali kupepesera kompyuta ndi katoni mpaka ndinakomoka ndi kutentha n'kugwera pa botolo la inki. Katoni ndinagwiradi, sindikana. Kukomoka ndinakomokadi. Koma pitani mukawafunse mayiwo ngati akudziwa kumene ndinali nthawi yonse imene ndinakomokayo.