Matipate wa Makilo 700

Lolemba

...ndiye lole ija yatitimira mpaka magalasi, dalaivala akulira m'Chiswahili, ine ndingoti, mangani Matipate. Kukoka kamodzi, lole pamtunda! Nkhani yadukira pomwepa chifukwa alangizi a ziweto atsegula ofesi.

Amene ndimawauza ndi asewere anga a Sichali a ku Misuku, takumana pa boma. Matipate ndi nkhunzi yanga, inabadwa chaka chovotera nyali chija. Lamulungu likudzali ikupita kwawo kukatsiriza malowolo a mwana wanga wamwamuna, Lusubilo. Zaka ziwiri mnyamata akudikira mkazi. Asewere akuti ng'ombe yosabayidwa katemera siilowa m'khola mwawo.

Alangizi, munthu wa ku Thyolo, njinga yawo yamoto ilibe mafuta. Akuti ndikapange ndekha. Zinthu ziwiri:
1. katemera, mzere umodzi wa jekeseni, pakhosi, ng'ombe iliyonse chimodzimodzi
2. mankhwala a njoka zam'mimba, omwetsa malinga ndi kulemera kwake

Funso: Matipate amalemera bwanji? Asewere ali pambali panga, makutu tcheru. Ng'ombe yokoka lole ungaichepetse pamaso pa anthu? Ndati makilo 700. Alangizi akweza nsidze. Ndati akakhuta amafika 750, koma tisawonjeze, ine sindikonda bodza. Andithirira mankhwala a 700.

Katemera ndanyamulira m'fulasiki ya tiyi ya mkazi wanga Namwayi, kuti asatenthe. Sakudziwa.

Lachiwiri

Akudziwa.

Komabe lero ndine dokotala. Ndavala jekete. Namwayi wagwira chingwe, Lusubilo nyanga. Thole mzere umodzi, ng'ombe yaikazi mzere umodzi. Kufika pa Matipate mtima ukukana. Mfumu ya khola kulandira mlingo umodzi ndi thole loyamwa? Chipongwe chimenecho. Mizere itatu. Kenako botolo lonse la njoka kukhosi, gubudu gubudu.

Namwayi akuti alangizi sananene choncho. Ndamuuza kuti alangizi anaphunzirira pa ng'ombe za ku Thyolo, zazing'ono ngati mbuzi.

Dzanja langa ndi lopepuka chomene. Boma likanandidziwa kale, madibi sakanauma.

Lachitatu

Matipate akutuluka dovu. Lambiri. Ukhoza kuchapira zovala za mudzi wonse. Akunjenjemeranso ngati wagona pamwamba pa mapiri a Mafinga opanda bulangeti.

Ndikuuza anthu kuti ndi njoka zikutsanzikana.

Pakhosi pamene ndinabaya patupa. M'mawa ngati dzira, masana ngati papaya. Ndikuti ndi linunda lachiwiri, ng'ombe zapamwamba zimatero. Thole lija la mzere umodzi likudumphadumpha, mwano basi.

Msipu sakuyang'ana. Madeya sakuyang'ana. Ine akundiyang'ana.

Lachinayi

Wagona. Sakudzuka, sakubzikula.

Madokotala a m'mudzi afika, aliyense ndi nzeru zake:
- makala osinja
- mafuta ophikira
- mchere ndi mwaye
- kachasu pang'ono (wobweretsayo wamwa yekha, akuti amayesa mphamvu yake)
- mpeni, nyama isanawonongeke

Wa mpeniyo ndamuthamangitsa mpaka kumsewu. Liwiro lake njinga yamoto singamupeze.

Lusubilo wangokhala pansi m'khola, akuingitsa ntchentche pamaso pa Matipate ndi nthambi. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Nkhunzi ina ndilibe. Iyi ikafa, mnyamata adikiranso mpaka thole likule, ndipo ku Misuku anyamata a khofi ali ndi maso.

Namwayi wanena mawu amodzi tsiku lonse: "Mwamwetsa ng'ombe ya m'khola mankhwala a ng'ombe ya m'kamwa mwanu."

Ndapita kuseri kwa nkhokwe. M'maso mwalowa fumbi. Fumbi la chaka chino ndi loipa.

Lachisanu

Njinga yakapalasa, ulendo wa ku boma. Mtunda wonse ndikukonza mawu. Mwina ndinene kuti katemera anali wotha ntchito. Mwina fulasiki.

Alangizi afunsa kuti ndinabaya mizere ingati. Ndati umodzi. Angondiyang'ana. Ndati umodzi katatu. Afunsa za botolo. Ndati latsala botolo lenilenilo.

Agwira mutu. Munthu waulemu, sanatukwane, wangonditchula "bambo" kasanu motsatizana. Akuti dovu ndi kunjenjemera ndi mankhwala a njoka opyola muyeso, chotupacho ndi katemera wanga wachifumu. Akuti kulakwa kwina ndi kwawo, anakhulupirira munthu m'malo moyeza ng'ombe. Ndati pamenepo ndikugwirizana nawo.

Mafuta kulibebe. Abwera mawa, koma pakaliyala ya njinga yanga. Wopalasa ndine.

Loweruka

Alangizi amenewa ndi amene amalemera 700. Miyendo yanga yatsala pa chitunda chachiwiri.

Amubaya Matipate jekeseni wina, kadontho chabe. Akuti madzi ambiri, mthunzi, chotupa tizithowa ndi nsalu yofunda. Kenako atulutsa tepi, amuzunguliza pachifuwa, awerenga mokweza ngati belu la tchalitchi: 310.

Anthu analipo khumi ndi awiri. Namwayi wapempha kuti abwereze, akuti makutu ake akalamba.

Ndati wawonda ndi matenda. Alangizi akuti makilo 390 sathawa masiku anayi, ngakhale njovu.

Dzuwa likupendeka Matipate wadzuka, miyendo gwedegwede. Wadya madeya manja awiri. Wabzikula! Lusubilo waseka koyamba sabata ino. Ine ndavina pang'ono, jekete lang'ambika kukhwapa.

Lamulungu

Asewere afika ndi abale awo atatu. Nkhani ya tepi yawapeza asanawoloke mtsinje. Ndakonzeka kumva kuti malowolo akanidwa.

A Sichali azungulira Matipate kawiri, agwira papaya lija. Akuti: "Asewere, ine ndimalima khofi, thumba ndimaliyeza ndi maso. Ng'ombe iyi ndinaiona kale kuti ndi ya 300. Zinazo ndimamvera kukoma kwa nkhani." Kenako akuti yewo, alandira. Ukwati ulipo. Koma Matipate ayenda naye pang'onopang'ono, masiku awiri, ndipo jekeseni ndisadzagwirenso ngakhale wa nkhuku.

Ndamuperekeza mpaka pa mlatho. Sanacheuke. Sindikumudandaula, inenso sindikanacheuka.

Khola lakula. Fulasiki ikununkha mankhwala, Namwayi akuti ndi yanga tsopano. Ana a m'mudzi ayamba kale kundiitana a Seveni Handede, ndipo ndikuyankha, nanga nditani.

Chimodzi ndikonze m'bukuli. Lachinayi ndinalemba za fumbi kuseri kwa nkhokwe. Fumbi kunalibe, ndinangopeka. Koma lole ija ndi yoona, ndipo paukwati ndikaifotokoza ili ndi ngolo kumbuyo.