Maliro a M'buku la Abambo

Anzanga, mukandiona ndikukalambira pachikamwini kuno ku Namitete musamati n'chikondi, ayi, lidandimanga ndi buku. Chaka chija anyamata ankatengedwa kupita kunkhondo, ine ndinkaphunzitsa pa kasukulu ka mishoni. Nditatopa n'kulima munda wa apongozi, ankhoswe anga adakapempha kuti nditenge mkazi wanga chitengwa, tikakhale kwathu ku Nsaru. Atsibweni a mkazi wanga adati ayankha Lamulungu likudzalo. Kwa ine kudangotsala kukhala phee ngati munthu, basi.

Ndiye abambo a kumishoni adandibwereka buku loti ndizinolera Chingerezi. Adalemba mzungu wina, kusimba za ubwana wake pamene anthu a kwawo adaukira mfumu n'kugwetsa boma. Ndidati apa ndiye ndikondwa, paja nafe msonkho udatifika m'khosi, n'kukakhala pansi pa msuku m'mbali mwa njira ya kudimba. Kukondwa kwake kuti? Ogwetsa mfumu aja adayamba kudyana okhaokha, njala idalowa, ndipo m'mawa wina bambo a wolemba bukuyo adatengedwa atavala nsapato imodzi, mwana n'kutsala pakhomo ndi inzakeyo m'manja, kudikira. Mtima udandisweka. Ndidaona kuti mmphawi alibe tsiku lake, ilamule mfumu, alamule oukira. Ndidalira ine, osati kulengeza misozi chabe, koma kukamwa yasa, mamina ali chuchuchu.

Atulukire ndani panjirapo? Apongozi anga aakazi, dengu la mpiru pamutu. Mwana wawo Lufeyo adali atapita ku Halale, zaka osamveka. Tsono taganizani, mkamwini yekhayo wodziwa kuwerenga m'mudzimo, mapepala m'manja, akulira. Kwathu kuno mwamuna amalira chiyani ngati si maliro? Dengu lidagwa.

"Mayo ine, Lufeyo mwana wanga!"

Apa wanzeru akadangoti, "Ayi amayi, ndi buku." Koma mkamwini amayankhula ndi apongozi maso ndi maso? Miyendo idachita zomwe idazolowera, ndidapatuka n'kulowa m'chimanga. Iwo adati ndathawa poti uthenga wandikulira pakamwa.

Ndili m'chimangamo ndidamva mudzi wonse ukulandira maliro. Anthu adataya makasu, wina adakwera njinga kukauza abale ku Mpingu, mkazi wa Lufeyo adadzigwetsa pansi n'kukomoka. Ine ndi manyazi ndidati ndidikire pang'ono, mwina ziphwa zokha. Kodi maliro adaphwapo okha? Pamene atsibweni aja ankandipeza, mbuzi idali itaphedwa kale.

"Aphunzitsi, musaope," adatero. "Tiuzeni, wafa bwanji mwana wathu?"

"Za Lufeyo sindidamve kanthu, wawa."

"Nanga wafa ndani?"

"Bambo a mzungu wina. Kutsidya kwa nyanja. Kalekale."

"Mbale wanu, eti?"

"Ayi, wawa."

Adandiyendetsa mpaka pabwalo kuti ndikanene ndi pakamwa panga, anthu maso ali psuu ndi kulira. Palibe adaseka. Chidandipweteka koposa n'chakuti apongozi adafunsa kudzera mwa mkazi wanga ngati m'mapepalamo mulibe ngakhale kamawu kamodzi ka mwana wawo, ndipo mudalibe.

Lamulungu litafika, atsibweni sadachulutse gaga m'diwa. Adauza ankhoswe anga kuti, "Munthu wolira akufa a m'buku n'kuthawa amoyo, tim'patse mwana wathu apite naye kutali? Akhale pompano tizimuona."

Ndili pompano mpaka lero, akundionabe, ndipo munda wanga wa ku Nsaru udamera tchire. Buku ndidabweza ndisadalimalize. Pamtetete sindidzawerenganso, ndalumbira. Chilakolako chowerenga chikandigwira ndimakalowa m'chigafa cha fodya, utsi uli tolotolo, kuti misozi ikatuluka ikhale ndi mwini wake.