Chimbale cha Apongozi

Inu, sendezani mpando, mumve zomwe zinamugwera wometa wa pakona paja, amene anthu amamutcha Makutu. Munthu ameneyu chimbale chatsopano sichimudutsa. Achinyamata odzijambulira okha nyimbo m'zipinda, opanda kampani kapena bwana, amachita kumuopa. Uku akumeta, uku akugamula: ichi ng'oma zake ndi zidebe, icho woimbayo anali ndi chimfine, chinacho n'chabwino pothamangitsira makoswe. Pakamwa pomwepa ndi pamene panamuthawitsira mkazi, atamuuza pamaso pa makasitomala kuti akamaimba pochapa amamveka ngati chitseko chosowa mafuta. Mayiyo anapakira zake, ulendo kwa makolo. Makutu anamusowa koopsa, mpaka kuwonda, koma kupepesa sadziwa.

Ndiye anamva kuti apongozi ake aakazi, atapuma pa ntchito, ajambula chimbale chawochawo m'chipinda chosungira katundu. Anati mwayi ndi umenewu: ndikakachiyamikira, andibwezera mkazi. Anachipeza pafoni n'kuchimvera ndi timahedifoni take takale, tomwe mbali imodzi inafa kalekale koma kugula tina amaona ngati kuwononga. Tsoka lake, mnyamata amene anawajambula chimbalecho mawu onse a woimba anawaika mbali yakufayo!

Loweruka munthu anatchena, n'kukakhala pasofa ya apongozi manja ali pamaondo.

"Amayi, chaka chino ndamva zimbale zambirimbiri, koma chanu chaposa zonse."

"Zoona, bambo?" apongozi anamwetulira. "Mwakondamo chiyani?"

"Kulimba mtima kwanu. Anzanuwa amawononga nyimbo ndi kukuwa. Inu mwaona kuti gitala akukwanira, osalola munthu aliyense kutsegulamo pakamwa."

Mkazi wake, amene ankasuzumira pakhomo la khitchini, anagwira kumutu.

"Nyimbo zonsezo ndaimba ndine," anatero apongozi.

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Makutu ayi, anati akonze.

"Ndiye luso lake limenelo, amayi! Kuimba koma osamveka si masewera. Nanga ng'oma ija yongoti gu! gu! m'nyimbo yachitatu, woimba wake munamupeza kuti?"

"Si ng'oma imeneyo," anayankha apongozi aamuna, nkhope ili m'nyuzipepala. "Ndi ine ndinkamenya chitseko kuti asiye, ndipumeko."

Apongozi aakazi anaimirira, kukonza pakhosi. "Poti simunandimve, mundimva lero."

Abale inu, anaimba! Chimbale chonse, kuyambira yoyamba, ndipo penapake akalakwitsa ankayambiranso. Galu anatuluka. Apongozi aamuna anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano. Makutu, wogamula zimbale za anthu uja, anangokhala thukuta lili kamukamu, akuwomba m'manja paliponse pomwe mayiwo apumira, mtima ukumuuza kuti banja latha basi.

Nyimbo yomaliza ili mkati, anamva wina akumukoka malaya. Kucheuka, ndi mkazi wake, chikwama chili kale m'manja.

"Dzukani, tizipita," anamunong'oneza.

Makutu misozi inalengeza. "Mayi, mwandikhululukira?"

"Kukhululuka tikambirana kunyumba, musafulumire. Ine ndikuthawa. Mawa akuyamba kuyeserera chimbale chachiwiri."