Difu Yatsopano ndi Ukwati wa Tadala

Lolemba

Difu yalowa, chipangizo chija chogawira matayala akumbuyo mphamvu ya injini! Fundi Komba, makanika wathu, wamanga bawuti yomaliza masana ano, ine ndili chagada pansi pa galimoto kumuunikira ndi foni. Yakale tayigoneka pansi pa mtengo wa mango, ipume.

Ndilembe bwinobwino chifukwa chake. Loweruka mwana wanga Tadala akukwatiwa ku Liuli, ndipo ndikufuna kukamutula ndekha pa galimoto yanga. Yanga, osati ya munthu wina. Chovuta ndi chitunda cha matope chija cha panjira. Chaka chatha ndinatitimira pamenepo nditanyamula amayi a kwaya, tayala limodzi likungozungulira m'matope, linzake lili phee kuonerera. Amayiwo anatsika kukankha atavala zoyera. Ena mpaka lero moni wawo ndi wa pakhosi.

Difu wamba ndi yotero, mphamvu yonse imapatsa tayala loterereka. Iyi ndagula kwa munthu wina ku Songea ili ndi timbale m'kati. Tayala limodzi likayamba kuzungulira lokha, timbale timagwirana, linzake nalo n'kukoka. Mayi a Tadala ndawafotokozera kawiri konse ndi zivundikiro za mapoto. Akuti ndibweze zivundikirozo pomwe ndazitenga.

Pikapu yanga tsopano ili ndi:
- injini ya galimoto ina
- masipuling'i owonjezera kumbuyo
- mpando wa m'basi kutsogolo
- difu ya anthu ozindikira

A Haule, amalume ake a mkwati, atumizanso uthenga kuti galimoto yawo ilipo, yosalowa fumbi, ya magalasi otsika okha. Ndayankha kuti zikomo, koma ife ochokera kutsidya kwa nyanja, ku Nkhotakota, mwana timakamutula tokha. Tadala akuti akwera yanga bola isamuchititse manyazi. Manyazi ake ati?

Lachiwiri

Tsiku loyesa. Pamsewu wowongoka ikuyenda bwino zedi, mpaka ndikuimba nyimbo.

Kona ya kumsika. Ndikungopinda chiwongolero pang'ono, kumbuyo kukumveka gu-gu-gu-gu, galimoto yonse kunjenjemera ngati ili ndi malungo. Ndikuima, ndikusuzumira pansi poganiza kuti ndaponda mbuzi. Palibe mbuzi. Amayi ogulitsa usipa asunthira mabeseni awo patali, ndipo mmodzi akundipepesa m'Chiswahili, "Pole, mzee," ndiye kuti pepani achikulire, nkhope ili ya pamaliro.

Kona ya kudepoti, gu-gu-gu. Kona ya kutchalitchi, gu-gu-gu, akatekisiti mpaka atuluka panja.

Komba akufunsa kuti ndathira oyilo wanji. Wa magiya, womwe uja wa masiku onse. Watsinzina kanthawi ngati akupemphera. Akuti timbale tija timafuna oyilo wakewake woterera kwambiri, apo ayi timagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, ndiye phokosolo. Nanga dzulo osanena bwanji, chonsecho amandiona ndikuthira? Akuti amayesa kuti munthu wogula chiweto amadziwa chakudya chake.

Ndazungulira masitolo onse a mu Mbamba Bay. Zomwe ndapeza:
- oyilo wa injini za maboti
- oyilo wa njinga zamoto
- mafuta ophikira, amene mwini sitolo akulumbira kuti amaterera kuposa onse

Ndaitanitsa wa ku Songea, ubwera pa basi mawa. Mayi a Tadala afunsa ngati phokosolo ndalichita kugula kapena labwera ngati basela.

Lachitatu

Oyilo wafika. Takhutula wakale, tathira watsopano. Ndikutuluka pachipata ndi mtima wa mnyamata.

Vuto lina! Ndikaponda mafuta galimoto ikukokera kumanzere, ndikachotsa phazi ikubwerera kumanja. Ikuyenda ngati munthu wochokera ku mowa wamasese yemwe akuyesetsa kuoneka wabwinobwino.

Komba wazungulira galimoto kawiri. Kenako wasolola chingwe cha nsapato yake, walumikiza ndi chinzake, wayeza matayala akumbuyo. Lakumanzere ndi laling'ono ndi zala zitatu zathunthu. Ndakumbuka tsopano, ndi lija ndinalipeza kwa mwini minibasi litaphulika langa. Zaka zonsezi ndayenda nalo popanda dandaulo. Difu yakale inali yosunga chinsinsi cha m'nyumba, iyi ikuulula chilichonse.

Tayala lofanana nalo palibe, ndiye tachotsa lakutsogolo n'kuliika kumbuyo, laling'onolo lapita kutsogolo. Komba akuti tangosamutsa vuto. Ine ndikuti kutsogolo ndimakhalako ndekha, ndiziliyang'anira.

Tili mkati mosintha, a Haule adutsa. Aima, atsitsa galasi ndi chala chimodzi, apereka moni wautali wofunsa mpaka za nkhuku, maso ali pa galimoto yanga yomwe yaima pa miyala. Za Loweruka sananene kanthu. Ndikanakonda akananena, ndikanakhala ndi poyankhira.

Tadala wayesa diresi. Ndamuonera pazenera, ndabwerera pansi pa galimoto msanga, m'maso mwalowa fumbi.

Lachinayi

Kukokera kumbali kwatha. Gu-gu-gu wachepa koma akadalipo. Komba akuti oyilo sanalowe pakati pa timbale, ndipite pabwalo la mpira ndikazungulire pang'onopang'ono, kumanja kenako kumanzere, kakhumi.

Ndamutenga Tadala kuti adzionere yekha kuti bambo ake sachita zinthu zamasewera. Mvula yagwa m'mawa, udzu ndi wonyowa. Kuzungulira koyamba, kwachiwiri, kwachitatu. Anthu akuyamba kusonkhana, ena abwera ndi nzimbe. Pofika kachisanu ndi chitatu phokoso lazimiririka, ndipo ine chimwemwe chatsikira ku phazi. Ndaponda mafuta ndili pakati pa kona.

Kumbuyo kwa galimoto kwandipitirira. Bwalo lonse lazungulira, magoli, sukulu, anthu a nzimbe, ndipo taima tikuyang'ana komwe tachokera. Kale tayala limodzi likaterereka, linalo limagwira njira. Tsopano amagwirizana pa zabwino ndi pa zoipa zomwe.

Anthu aomba m'manja. Tadala watsika, wakonza chitenje chake, wanena mofatsa kwambiri: "Ababa, Loweruka ndikufuna kukafika ku tchalitchi ndikuyang'ana kutsogolo."

Akatekisiti abwera kudzandipatsa moni moyandikira kwambiri kukamwa kwanga. Ndikudziwa chomwe amanunkhiza. Apeza tiyi yekha.

Malamulo atsopano, ndamata pa chiwongolero:
- pakona, phazi lofewa
- mafuta uponde galimoto itawongoka
- pa udzu wonyowa osasangalala

Ndabwereza kakhumi kena ndili ndekha. Zii, phokoso palibe. Tadala akuti aganizira.

Lachisanu, m'mawa

Yatheka! Kona ya kumsika, zii. Ya kudepoti, zii. Ndakatenga nkhuni kumtunda, malo a matope ndadutsa ngati pa tala. Tadala wavomera. Ndatsuka galimoto ndi sopo wosambira, atsikana amanga maliboni oyera pa boneti. Kwa a Haule ndatumiza uthenga waulemu woti asavutike.

Lachisanu, madzulo

Ndilembe mwachidule.

Mayi a Tadala akuti ufa wa kondowole wa alendo sukwana, tigaye makaka ena. Kachigayo kathu injini yake inafa kalekale, ndiye njira yathu ndi iyi: ndimakweza tayala limodzi lakumbuyo pa jeke, linzake limakhala pansi nditalitsekera ndi mwala, ndimakoleka lamba kuchokera pa tayala la m'mwambalo kupita ku chigayo, giya yachiwiri, ufa n'kumatuluka. Tachita zimenezi zaka ndi zaka. Manja amachita okha, mutu suitanidwa.

Jeke, mwala, lamba. Ndakhala pampando mwendo umodzi uli kunja, ndalowetsa giya, ndasiya kilatchi.

Tayala la m'mwamba lazungulira theka. Timbale tagwirana, linzake nalo lakoka, ndendende monga ndakhala ndikulalikira sabata yonse.

Galimoto yakwera mwala, yadumpha pa jeke, yanyamuka ndi chigayo kumbuyo ngati mbuzi yothawa ndi chikhomo chake. Phazi la mabuleki ndi lomwe lili kunja lija. Beseni la makaka m'mwamba, nkhuku mbali zonse, ndipo ulendo wathera pa mtengo wa mango. Ladiyeta yang'ambika, madzi otentha akuyenderera pansi mpaka pomwe yagona difu yakale.

Palibe wavulala. Mayi a Tadala ayamba andigwiragwira kuona ngati ndili wamphumphu, kenako aseka mpaka akhala pansi m'makaka. Komba wafika, wayang'ana jeke, wayang'ana lamba, wandiyang'ana ine. "Mzee, si inu munandiphunzitsa momwe imagwirira ntchito?" Ladiyeta ina akuti ndi ya ku Mbinga, mwina Lolemba.

Tadala wamasula maliboni pa boneti limodzilimodzi, akuwapinda bwinobwino. Zimenezi zandiwawa kuposa mtengo.

Ndavala jekete, ndayenda wapansi kupita kwa a Haule. Andilandira bwino kwambiri, andipatsa mpando ndi soda, sanaseke ngakhale pang'ono. Galimoto yawo ndaipeza yotsukatsuka, mafuta odzaza. Akuti anakonzeratu Lachitatu.

Loweruka

Mayi a Tadala atsogola m'bandakucha pa lole ya amayi, ndi ufa wogayitsa ku chigayo cha kumsika monga amachitira anthu onse.

Ine ndimati ndikwere lole yachiwiri pamodzi ndi mipando. Tadala wakana. Mnzake womuperekeza wamuika kutsogolo, ine wandilozera mpando wakumbuyo pambali pake. Chibadwire sindinakhalepo kumbuyo kwa galimoto yaing'ono. Mapazi akungoponda mabuleki omwe palibe.

Chitunda cha matope chija athirapo miyala. Liti, sindikudziwa. A Haule akwera ndi dzanja limodzi, uku akufotokoza za mitengo ya khofi.

Ukwati wayenda bwino. Kwaya, mpunga, amayi a ku Liuli kuvina mpaka fumbi, ine kulankhula m'Chiswahili changa cha pamsika, anthu n'kuombera m'manja pa malo olakwika. Azakhali ake a mkwati andifunsa ngati ndine uja wagaya mtengo wa mango. Mbiri yafika ku Liuli ife tisanafike.

Ndatopa. Zina ndilemba mawa.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita wapansi. Pobwera ndapeza galimoto ikadali chotsamira mtengo, nkhuku yaikira dzira pa mpando wa m'basi uja.

Zigamulo:
- difu yakale ibwerere, chifukwa chigayo ndicho chimatidyetsa
- yatsopano ndiikulunga m'thumba, mwina kudzapezeka munthu wozindikira kuposa ine
- a Haule ndiwapititsire tambala

Zomwe sindinalembe dzulo. Titangotuluka mu Mbamba Bay ndinamva kaphokoso kumbuyo kwa galimoto ya a Haule, ndipo ndinapendeka mutu kuti ndimve ngati ndi sipuling'i kapena bawuti. Tadala anati, "Ababa, siyani kumvetsera galimoto." Anandigwira dzanja mwamphamvu. Lake linali lozizira. Anati akuopa: nyumba ya eni, chilankhulo cha ku Liuli chomwe amangochimva theka, apongozi omwe sanawazolowere. Ndinangomuuza kuti amayi ake nawonso anaopa choncho pa sitima tikuwoloka nyanja kubwera kuno, ndipo lero ndi omwe amaseka anthu ogunda mitengo. Anaseka, kenako analira pang'ono, osasiya dzanjalo mpaka pakhomo pa tchalitchi. Potsika anati, "Mukanayendetsa inu, manja onse awiri akanakhala pa chiwongolero."

Nyumba ili zii lero. Ndamusowa kale mwana wanga, ndipo sindikuchita manyazi kulemba zimenezi.

Komba wabwera kudzayeza malo a ladiyeta. Pondipatsa moni waona timabala tinayi m'chikhatho changa, momwe munalowa zikhadabo za mkwatibwi. Akuti ndi lamba uja wandicheka, ndipakepo mankhwala. Ndamusiya aganize choncho, ndipo mankhwala sindipaka.