Ndinabweza Mpira wa Chanda

Ngati munali ku bwalo la besibo (mpira womenya ndi ndodo) ku Bowie, kuno ku America, Loweruka lapitali, mtsikana amene munamuona pa chikanema chachikulu uja ndine. Manyazi sanandithere, koma mtima ukudumphabe ndi chimwemwe!

Chanda ndi mwana wa Anti Mulenga, mayi a ku Zambia amene timapemphera nawo ku Silver Spring. Wangotengedwa kumene ndi timu ya kuno, ndipo amaima pa besi yoyamba, pamene womenya mpira amayamba kuthamangira (ntchito yake ndi kuwakha mipira imene anzake amamugenda nayo ngati anawalakwira). Tsikulo kanali koyamba kusewerera timuyi, ndiye Anti ananditenga. Ine ndabwera chaka chino kuchokera ku Zomba, ndipo mpira umene ndimaudziwa ndi wamanja.

Nthawi yake yomenya itakwana, Chanda anauswa mpira, phaa! Liwiro mpaka pa besi. Anti analumpha. Ine ndinaimba nthungululu mpaka mzere wonse kucheuka.

Patapita kanthawi, Chanda anabwera kumpanda atatenga mpira. Poona kuti mayi ake atanganidwa ndi kujambula pa foni, anaponyera ine. Ndinawakha bwinobwino! Tsono kwathu mpira ukatuluka m'bwalo umaubweza msanga (kusukulu tinali nawo umodzi wokha). Ndinaubwezadi, mwamphamvu, kuti aone kuti ku Zomba timadya. Unamudutsa Chanda pamutu, n'kugubudukira kwa wosewera wa timu inayo, amene anautola n'kuuponyera oonerera a tsidya lina.

"Iwe mwana, wachita chani?" anakuwa Anti. "Ija ni bola yake yoyamba kumenya! Bamasunga ija! Ni yanga!"

Ndinathamanga kuzungulira bwalo lonse. Amene anawakha anali bambo wina wandevu, wokhala ndi akazi ake. Nditafika wefuwefu, Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinachita zimene mayi anandiphunzitsa popempha kanthu kwa munthu wamkulu: ndinagwada, n'kutambasula manja.

Bwalo lonse linaphulika ndi phokoso. Nditakweza maso, ndinadziona pa chikanema chija, atatizunguliza ndi mitima yofiira. Anthu ankakuwa kuti bamboyo avomere! (Palibe anandiuzapo kuti kuno munthu akagwada pa masewera ndiye kuti akufunsira ukwati.) Akazi awo anaseka mpaka misozi. Nditafotokoza mwachibwibwi, iwo ndi amene analanda mpirawo kwa amuna awo n'kundipatsa.

Anti anauponya m'chikwama, n'kutseka zipi, n'kuchikumbatira.

Pobwerera m'galimoto, Chanda anati anzake onse akufunsa kuti mkono woponya mwamphamvu uja ndi wa ndani. Ndinatupa!

"Osamunamiza," anatero Anti. "Lachisanu ukabwera uzankhalira manja yako, wamvela?"

Ndamva, Anti. Kubweza mpira ndasiya. Koma kugwada kokha sindikulonjeza, maondo angawa amangopinda okha.