Zikomo wa Chinangwa

Ku Maramba palibe amene sadziwa kuti Ba Mukumbuta, aja ankakonza njinga kuseri kwa msika, anatha zaka makumi anayi akufunafuna munthu wa ku Brazil woti amugwadire. Sanali amisala ayi. Masipoko ankamanga bwino, kutchalitchi sankajomba. Vuto linali chinangwa basi.

Ali mwana ku Kalabo kunagwa njala, banja lawo lonse n'kupulumuka ndi chinangwa. Atakula anawerenga m'buku lina lopanda chikuto kuti chinangwa kwawo ndi ku Brazil, kuno chinabwera pa zombo za Apwitikizi. Tsono kwa Alozi, mtundu wawo, munthu akakudyetsa umagwada n'kumuombera m'manja. Bambowo anaona kuti moyo wawo wonse akhala akudya cha eni osathokoza, ndipo zinkawapweteka zenizeni.

Wovutika nazo anali mkazi wawo, Ba Namasiku. Loweruka lililonse ankaotcha chinangwa, kuchikulunga m'nsalu, kusita malaya achikasu, mwamuna n'kupalasa njinga mpaka kuchipata cha mathithi otchuka a m'derali kukadikirira alendo akunja. Kunyumba nkhani inali yomweyo: nzimbe, khofi, gule wa samba, mfumu ya Apwitikizi imene inathawira ku Rio ndi nduna zake zonse. Ba Namasiku ankangoti "ehe" uku akusankha nyemba.

"Lelo mwamupeza, atate ake Liseli?"

"Banali ba ku Germany chabe."

"Nanga chinangwa?"

"Banyani."

Tsiku lina Ba Mukumbuta anamva dalaivala wa thiraki akulankhula Chipwitikizi pa foni. Anagwada pafumbi pomwepo, naomba m'manja mpaka anthu kusonkhana.

"Ine ni wa ku Angola, mudala," anatero dalaivala.

Ba Mukumbuta anadzuka, nasasa fumbi. "Ndiye zikomo uja si wanu. Musapite naye."

Chaka chimene Brazil inagoletsedwa zigoli zisanu ndi ziwiri anatseka kashopu masiku atatu, anthu n'kumabwera kudzapepesa. Ba Namasiku anaphika tiyi wa pamaliro opanda mtembo, kumaso kuli ndwii.

Ukalamba utafika, mawondo a Ba Mukumbuta anayamba kukana. Iwo ankayeserabe kugwada m'mawa uliwonse atagwira mpando, kuopa kuti tsikulo lingawapeze osakonzeka. Silinawapeze. Ali gone m'chipatala anangoti, "Amake Liseli, niyenda monga kawalala. Nadya, sin'naonge zikomo."

"Gonani, mukamba maningi," anayankha mayiwo, koma mawuwo anawakhala pamtima ngati mwala.

Patatha miyezi iwiri chiikireni maliro, Liseli, mwana wawo amene amagwira ntchito pa loji ina ya alendo mumsewu wa Nakatindi, anaimba foni. "Amayi, wabwela. Muzimayi wa ku Brazil. Ayenda mailo, mawa lomweli."

"Manje ine nichite naye chani?" anatero Ba Namasiku, uku akukoleza kale mbaula.

Atafika kulojiko ndi chinangwa chootcha, anapeza kuti mlendoyo anali gogo wa imvi, wakuda ngati iwo omwe. Ba Namasiku, amene nyamakazi inawaletsa kugwada ngakhale m'tchalitchi, anatsika pang'onopang'ono mpaka mawondo kugunda simenti. Anaomba m'manja, nafotokoza za njala ya ku Kalabo, za Maloweruka onse aja, za anyani, Liseli akumasulira. Gogoyo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati zombo zomwe zinabweretsa chinangwa ndi zomwenso zinatenga makolo ake kuno ku Afirika atamangidwa, ndipo chiyambire ulendo wake palibe amene anamulandira chonchi. Naye anagwada, misozi ili mbwembwembwe.

Kudzuka ndiye kunakanika onse awiri. Chinangwacho anadyera pansi pomwepo mpaka mlonda atabwera kudzawanyamula mmodzimmodzi. Gogoyo anati n'chokoma, kungoti mchere wachepa.

Masiku ano kuseri kwa msika kuli zii. Njinga amakonza munthu wina wosalankhula, ndipo Brazil ikaluza palibe kopita kukapepesa. Ogulitsa ziboliboli kumathithi amati Loweruka anyani amakhalabe pachipata atayang'ana kumsewu wa m'tauni. Ba Namasiku amawasowa mwamuna wawo, ndipo sabisa. Mawa lake la tsiku lija anakumana ndi gogo wa ku Brazil, anakwera minibasi kupita kumanda, naima pamtumbira wa mwamuna wawo, ndodo ili m'manja.

"Atate ake Liseli, zikomo wanu wafika. Simuli kawalala. Ati muchele unachepa, koma uja ni mulandu wanga."