Kadzidzi Aona Patali

Pulani inabadwa Lachisanu masana, pa tebulo la pakona m'bala. Jenerale, amene usilikali wake wonse unali chipewa chogula pamsika, anajambula mapu ndi chala chonyowa ndi mowa.

"Kuseri kwa sitolo ya penti kuli kampani yopera magalasi a makina a m'chipatala. Lamlungu masana kumakhala zii. Chitsulo athyola loko, ine ndisankha katundu, alamu anga ayang'anira msewu."

Alamuwo anali Kadzidzi. Dzinali analipata chifukwa cha maso ake akuluakulu, koma masowo anali okongoletsa nkhope basi. Chilichonse chopitirira pomwe pathera mkono wake ankachiona ngati utsi, ndipo sanauzepo munthu. Ulendo wapitawo anathawitsa gulu lonse ataona mtengo wa magetsi n'kuuyesa wapolisi.

"Mukalakwitsanso, alamu, mwatuluka m'gulu," anatero Jenerale. "Ndipo mlongo wanga ndikamuuza kuti ntchito ya ulonda ija anakuchotsani kalekale."

Lamlungu loko sinavute. M'kabati munali magalasi a mitundu itatu: otupa mbali zonse, otupa mbali imodzi, ndi ena osalala mbali imodzi koma ogoba ngati mbale mbali inayo. Pa bokosi la ogobawo panalembedwa kuti m'mimba mwake ndi mamilimita 50, kenako nambala ina, -200.

"Tenga ogobawa, aise," anatero Jenerale. "Pogoba pamalowa ntchito yambiri. Otupawo sanawamalize."

"Nanga kamzere kali kutsogolo kwa nambalaka?" anafunsa Chitsulo.

"Kukongoletsa."

Kamzereko sikokongoletsa. Kamasonyeza kuti galasilo limamwaza kuwala m'malo mokusonkhanitsa. Silikulitsa chinthu, limachichepetsa. Jenerale, wosadziwa zimenezi, anatulutsa limodzi pawindo.

"Nayi bayinokula yanu, alamu. Muziona patali."

Kadzidzi analigwira atatambasula mkono, ndipo utsi uja unatha. Galasi logoba ndilo limathandiza maso ngati ake. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anawerenga chikwangwani cha tsidya lina la msewu. Anaona mbalame pa waya, iliyonse ndi miyendo yake. Chimene sanaone ndi mayi wa sitolo ya penti, amene ankakhala m'chipinda cha pamwamba ndipo anali ataimba kale foni atamva loko ikulira.

"Apolisi awiri, alamu," analengeza Kadzidzi monyada.

M'katimo munagwa thumba. "Ali pati?" anafunsa Jenerale.

"Kutali kwambiri. Ang'onoang'ono ngati chala changa. Dzazani lina, osathamanga."

Jenerale anapumira m'mwamba n'kutsegula kabati yachiwiri.

"Panopa ali pati?"

"Akadali kutali. Koma ndikuwaona bwinobwino. Wamtaliyo batani limodzi linaduka. Pachibwano ali ndi chipsera."

"Wamva, Chitsulo? Amenewo ndiye maso. Ndani ankati alamu anga ndi khungu?"

"Ndinu nomwe, Jenerale."

Munthu amene akuona chipsera pachibwano cha wapolisi amayenera kudzifunsa kafunso kamodzi. Kadzidzi anali wotanganidwa ndi kuyamikiridwa.

"Tsopano akukweza dzanja," anapitiriza. "Kaya akulonjera ndani."

"Mwamaliza kundiyang'ana, bambo?"

Mawuwo anamveka pafupi kwambiri. Kadzidzi anatsitsa galasi, ndipo wapolisi uja anasandukanso utsi, koma utsi wake unali utamugwira pakolala. Mnzakeyo anakaima pakhomo n'kudikira mwaulemu kuti Jenerale amalize kumanga thumba.

M'galimoto ya apolisi, Kadzidzi anayesa kupempha.

"Bwana, tandibwerekeniko galasi lija, ndione kumene tikupita."

"Si kutali," anatero wapolisi.

Lolemba m'mawa mkazi wake anafika kupolisi atanyamula yunifomu yake ya ulonda, yosita bwino, n'kuiponya patebulo. Chinsinsi cha ntchito chija chinali chitaululika. Kadzidzi anangoona kautsi kofiirira katagwira m'chiuno. Mawu ake okha ndi amene sanafunikire galasi.